Galimoto ya Kaunjika Sagula ndi Maso Okha

Ana anga ndi adzukulu anga, galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya dziko lino zidayamba zatumikira anthu ena. Ndi ochepa pakati pathu amene angalowe kogulitsa galimoto zatsopano n'kutulukako ndi yoti sinayendepo. Enafe timagula za kaunjika, kaya zochokera ku Japan, ku South Africa kapena ku Britain, kaya kwa mnzathu wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni amene watopa nayo. Pamenepo palibe chochititsa manyazi. Chomvetsa chisoni n'kuona ndalama zimene munthu wasunga kwa zaka, kapena ngongole imene adzakhale akubweza mpaka mwana atamaliza sekondale, zitasanduka chiphapha chokhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba.

Mawu anga ndi amodzi, ndipo muwasunge. Wogula galimoto yakale amagulira limodzi khalidwe la amene adali nayo. Ngati ankachedwa kusintha oyilo, mlandu wa kuchedwako mudzalipira ndinu. Ngati ankaisenzetsa matumba a chimanga mpaka kumbuyo kukhudza pansi, msana wake wopindikawo udzakhala wanu. Ntchito ya wogula ndi kufufuza mbiriyo ndalama isanachoke m'manja, chifukwa ikachoka, wogulitsa foni yake imayamba kulira osayankhidwa.

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, yambani mwadzifunsa kuti idzagwira ntchito yanji ndipo idzayenda msewu wanji. Kudalirika kwa galimoto kumayenderana ndi kumene ikupita. Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, zija za injini ya 660cc, zimamwa mafuta pang'ono ndipo zimathandiza munthu wochoka ku Namiwawa kupita kuntchito ku Limbe. Koma mukaikamo banja lonse ndi katundu n'kuilozetsa chitunda cha Chiweta kapena mapiri a Khwekhwerere pochoka ku Golomoti, mukuipempha zimene sadaipangire. Galimoto zambiri za ku Japan n'zazifupi kunsi chifukwa adazipangira misewu yosalala ya phula. Ngati kwanu n'kumene mvula ikagwa msewu umasanduka ngalande, kanthu koyamba koyeza ndi mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka. Mwala umodzi ukaboola poto wa oyilo kunsi kwa injini, inu osadziwa, ulendo umathera pomwepo ndipo injini imatha kunoka.

Chachiwiri, funsani za masipeyala musanafunse za mtengo. Pitani ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Malangalanga, mukatchule dzina la galimoto imene mtima wanu wakonda, muone nkhope za ogulitsa. Akakuyankhani msanga kuti zilipo, zatsopano ndi zakale zomwe, n'kukuuzani mitengo itatu yosiyana, dziwani kuti galimotoyo ili ndi abale ambiri kuno. Akayamba kuyang'anana n'kunena kuti "timachita kuyitanitsa," dziwani kuti tsiku lina idzagona pagalaja mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kokwana m'thumba la malaya. N'chifukwa chake Toyota Corolla, Vitz, Sienta, Probox ndi Hilux zili ndi mbiri yabwino pakati pathu. Zimawonongeka ngati zinzake, koma amakaniko athu adazizolowera ndipo zida zake zimapezeka ngakhale ku Kasungu ndi ku Mangochi. Galimoto ya ku Ulaya imene ikugulitsidwa motchipa modabwitsa nthawi zambiri imatchipa chifukwa mwini wake waona kale mtengo wokonzetsera. Kumbukiraninso kuti masipeyala timagula kunja. Mu November 2023 ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zida idakwera nayo limodzi, ndipo amene adamva kuwawa kwambiri ndi eni galimoto zosowa abale.

Tsopano za galimoto zochokera ku Japan. Kumeneko kuli lamulo loti galimoto yatsopano ikatha zaka 3 ikayezedwe, ndipo kuyambira pamenepo izikayezedwa zaka 2 zilizonse. Kuyezetsako kumadya ndalama zambiri, choncho anthu ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali yolimba n'kugula ina. Ndiwo mwayi umene timadyerapo ife. Komabe si galimoto iliyonse yochokera kumeneko imene ili bwino. Zambiri zimadutsa m'misika ya okushoni, ndipo kumeneko woyeza amalemba chikalata chofotokoza mmene galimoto ilili, ndi chithunzi chosonyeza pamene pali zokanda, zofwanyika ndi zosinthidwa. Amaipatsanso giredi. Giredi 4 kapena 4.5 ndi galimoto yosamalika, 3.5 ndi yotopako, ndipo chilembo cha R chimatanthauza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pemphani chikalata chimenechi. Pemphaninso chikalata cha boma la Japan chololeza galimoto kutuluka m'dzikomo, chifukwa chimasonyeza makilomita amene idali itayenda pamene inkayezedwa komaliza. Ngati pepalalo likunena 140,000 koma galimoto ili pamaso panu ikuonetsa 68,000, palibenso chokambirana.

Amene mukuyitanitsa nokha pa intaneti kumakampani monga Be Forward ndi SBT, dziwani kuti mtengo waukulu umene umaoneka pachithunzi nthawi zambiri ndi wa galimoto ikadali padoko la ku Japan. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, wokutulutsirani, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 kudzera pachipata cha Songwe mpaka ku Lilongwe, kenako msonkho wa MRA umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Werengerani zonsezi musanatumize dola ndi imodzi yomwe, ndipo ndalama muzitumiza ku akaunti ya kampani yeniyeniyo, osati ya munthu amene mwangodziwana naye pa Facebook. Ikafika, musaione ngati yatsopano. Sinthani oyilo ndi mafilita nthawi yomweyo, ndipo yang'anani matayala. Zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, ofewa, amene amatha msanga pa phula lotentha la kwathu. Zimene zinkayenda kumpoto kwa Japan, kumene amathira mankhwala a mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, zimatha kukhala ndi dzimbiri kunsi ngakhale pamwamba zikunyezimira.

Galimoto imene yayenda kale kuno ili ndi ubwino wake, poti mutha kuigwira, kuimvetsera ndi kuiyendetsa musanalipire. Koma mbiri yake imafuna kufufuza kwambiri. Tiyambe ndi mapepala, chifukwa galimoto ya injini yabwino koma mapepala okayikitsa mutha kulandidwa dzuwa likuswa mtengo. Tengani bulubuku m'manja, muwerenge nambala ya chesisi ndi ya injini, kenako mukazipeze pagalimoto penipenipo n'kufananiza chilembo ndi chilembo. Pamene nambala yadindidwa pazioneka posakhudzidwa. Mukaona zizindikiro za kupala, kuwotcherera kapena penti watsopano pamalo okhawo, bwererani. Dzina la m'bulubuku lifanane ndi la pachiphaso cha amene akugulitsa. Mawu oti "eni ake ali ku Joni, andisiyira ine" agwetsa anthu ambiri m'mavuto. Ngati pali chikayiko, apolisi ali ndi nthambi ya Interpol imene imafufuza galimoto zobedwa. Funsaninso ngati msonkho udalipiridwa, poti zilipo galimoto zolowa mwaulere pa zifukwa zapadera ndi zina zolowa pa chilolezo cha kanthawi, ndipo a MRA akaipeza amagwira amene ali nayo tsiku limenelo. Wogulitsa akanena kuti bulubuku idasowa, ganizirani kuti mwina ili kubanki kapena kwa wakatapila ngati chikole. Ndipo kusintha umwini musakusiyire dobadoba. Pitani limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic, dzina lanu lilowe m'kaundula, ndalama yomaliza ituluke pambuyo pake.

Mapepala akakhala bwino, pezani makaniko wanu. Ndikuti wanu, amene mwamupeza nokha ndipo mumulipira nokha, osati amene wogulitsa wabwera naye. Ndalama yochepa imene mungampatse pa tsiku limenelo ndiyo inshuwalansi yotchipa kuposa zonse. Safunsa adadya phula. Panganani kukaona galimoto m'mawa, kunja kukuwala, injini isanalizidwe. Mukafika ikani dzanja pa boneti. Mukapeza potentha pamene mudagwirizana kuti muipeze yozizira, funsani chifukwa, poti injini yotopa imavuta kulira m'mawa ndipo imatulutsa utsi ndi phokoso zimene zimabisala ikatentha. Usiku, pamvula kapena galimoto itangotsukidwa kumene si nthawi yoonera penti, chifukwa madzi amabisa zipsera.

Akuluakulu athu pogula ng'ombe ya pangolo sankakhutira ndi kunenepa kwake. Ankaitsegula kukamwa kuona mano, n'kuyang'ana ziboda ndi pakhosi pamene goli limakhala. Chitani chimodzimodzi. Nambala ya makilomita imabwezedwa m'mbuyo mosavuta masiku ano, koma thupi la galimoto silinama. Yang'anani mphira wa pa buleki ndi pa kilachi, chiwongolero pamene manja amagwira, mpando wa dalaivala, ndi chogwirira cha giya. Galimoto yoti yayenda makilomita 60,000 siikhala ndi mphira wotha mpaka chitsulo kuonekera. M'galimoto zambiri za ku Japan, kansalu kosokerera m'munsi mwa lamba wa pampando kamasonyeza chaka chimene lambayo adapangidwa, ndipo chimenechi chimakuthandizani kudziwa zaka zenizeni za galimoto. Matayala nawonso ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake muli manambala anayi: 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kuphulika ngakhale mapazi ake akuoneka akuya. Likakhala lodyeka mbali imodzi, miyendo ya galimoto ili ndi vuto, kapena chesisi idapindika pangozi.

Imani kutsogolo, muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsata kutalika kwake. Penti wa kufakitale amakhala wofanana paliponse, ndipo mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi buti imakhala yolingana mbali zonse. Chitseko chimodzi chikasiyana mtundu pang'ono ndi chinzake, padachitika kanthu. Kamaginito kakang'ono kokulunga m'kansalu kamakuuzani pamene adamata phala lobisira mabala, chifukwa pamenepo sikagwira. Tukulani kapeti wa m'buti, muchotse tayala lapadera, muone ngati chitsulo chili chokwinyika kapena chowotcherera. Nunkhizani m'kati. Fungo la chinyezi, matope ouma pansi pa mipando ndi dzimbiri pa njanji za mipando ndi zizindikiro za galimoto imene idamirapo. Namondwe Freddy atadutsa m'chigawo chakummwera mu March 2023 madzi ndi matope zidakwirira katundu wambiri, galimoto zomwe, ndipo galimoto yomira imavutitsa pa zamagetsi moyo wake wonse. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsegulani boneti. Injini yotsukidwa mpaka kung'anima pa galimoto ya zaka 12 isakusangalatseni; mwina atsuka kuti musaone pamene oyilo akudontha. Tsegulani chitsekerero chothirira oyilo, muyang'ane kunsi kwake. Mukaona zoterera zotuwa ngati tiyi wamkaka, mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo kawirikawiri ndiye kuti gasiketi idapsa injini itawira. Mukaona zakuda zolimba ngati phula, mwini wake ankadutsitsa nthawi yosinthira oyilo. Injini ikadali yozizira, onani madzi a mu radiyeta. Ayenera kukhala ndi mtundu wa mankhwala ake, wobiriwira kapena wofiirira, osati madzi a pampopi ofiira ndi dzimbiri. Makaniko aonenso ngati thermostat ilimo, poti ena amaichotsa pofuna kubisa kuwira kwa injini. Funsani ngati injiniyo imayendera tcheni kapena lamba. Lamba amasinthidwa pafupifupi makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka galimoto ili paliwiro, injini zina zimawonongekeratu. Injini ya 1NZ imene ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri imayendera tcheni, n'chifukwa chimodzi chimene amakaniko amaikondera.

Potembenuza kiyi, musanalize injini, nyali zonse zochenjeza za kutsogolo kwa dalaivala ziyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Nyali ya injini, ya ABS kapena ya airbag ikapanda kuyaka n'komwe, mwina pali amene adaizimitsa dala. Amakaniko ambiri m'mizinda yathu tsopano ali ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, ndipo kamaulula matenda amene wogulitsa sanatchule. Wina aime kumbuyo aone utsi. Wobiriwirako ngati wa mtambo ndiye kuti injini ikudya oyilo. Woyera wochuluka umene sukutha ngakhale injini yatentha ndi madzi amene akulowa mosayenera. Wakuda ndi mafuta amene sakupsa bwino, ndipo thumba lanu lidzaumva pa filing'i siteshoni. M'nyengo zimene mafuta ankasowa, galimoto zambiri zidamwa petulo wa m'zigubu wosadziwika bwino, ndipo mapampu ndi ma injector ake adavulala.

Kenako iyendetseni, ndipo wayilesi ikhale yozima. Ulendo wozungulira mpanda wa wogulitsa sukuuzani kanthu. Ikwereni chitunda chenicheni, ipititseni pa msewu wafumbi wa mabampu, ithamangitseniko pamalo oyenera, kwa mphindi zosachepera 30, maso ali pa singano ya kutentha. Pokhota kwathunthu pang'onopang'ono, kulira koti kha-kha-kha kutsogolo ndi ma CV joint otha. Kugogoda pa mabampu ndi mashoko kapena mabushi. Pomanga buleki, galimoto isakokere mbali imodzi ndipo chiwongolero chisanjenjemere. Mvetserani giyabokosi mwapadera. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za masiku ano, monga Honda Fit, Nissan Note ndi Vitz, zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. Imeneyi imafuna oyilo wakewake, ndipo wina akaithira oyilo wa giyabokosi wamba imayamba kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu, kapena injini kukwera mawu liwiro osawonjezeka. Mukamva zimenezi, musamvere zoti "ingofunika sevisi." Giyabokosi ina mtengo wake umatha kufika gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse. Pa galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius, zimene zimasunga mafuta kwambiri, chofunika kuyezetsa ndi batire lake lalikulu, chifukwa limafooka ndi zaka ndipo silitchipa. Mukabwerera, isiyeni ikulira kwa kanthawi, kenako musunthe galimoto muone ngati padontha kanthu pansi pamene idaima.

Muyezenso wogulitsa. Mufunseni kuti wakhala nayo zaka zingati, ankakonzetsa kwa yani, adasintha chiyani komaliza, ndipo akuigulitsiranji. Munthu amene ankasamala galimoto yake amayankha mosavuta, amakuonetsani malisiti kapena kakhadi ka sevisi, ndipo amakuuzani yekha tizilema take. Amene akuti "ilibe vuto lililonse, ingothirani mafuta muzipita" ndiye woti mumuope, poti galimoto ya zaka 10 yopanda chilema kulibe. Funsani ngati idagwirapo ntchito ya takisi. Sienta adaipangira anthu 7, koma mukudziwa nokha mmene imadzazira pa misewu yathu, ndipo chaka chimodzi cha ntchito yotere chimakalambitsa galimoto kuposa zaka zingapo za munthu wopita kuntchito ndi kutchalitchi. Mudzamvanso mawu akuti "pali wina akubwera ndi ndalama masana ano." Mulekeni abwere. Galimoto zogulitsa sizidzatha m'dziko muno, ndipo sitima zikufikabe ku Dar es Salaam. Mphamvu yaikulu ya wogula ndi miyendo yake, kutha kunena kuti zikomo n'kutembenuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogulitsa akakhala mbale kapena mnzanu wa kutchalitchi, yezani chimodzimodzi ndipo lemberanani pangano pamaso pa mboni, kuti ubale usadzathere pa giyabokosi.

Chomaliza ndi thumba lanu. Musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Tsiku limene kiyi walowa m'manja mwanu ndi limene ndalama zimayamba kutuluka: kusintha umwini, inshuwalansi, chiphaso cha COF, oyilo, mafilita, mwina matayala awiri ndi batire. Walira mvula walira matope. Ngati ndalama zanu zikungokwanira ndendende galimoto imene mukuifuna, ndiye kuti galimotoyo si ya msinkhu wanu panopa. Tsikirani pa yocheperapo, mutsale ndi kena kake kapadera. Ndaona achinyamata akugula galimoto yaikulu ya injini ya malita 3 kuti anzawo awaone, kenako n'kumaiyendetsa Lamlungu lokha, masiku enawo ali pa kabaza. Galimoto yodalirika ndi imene imalira m'mawa uliwonse, imene mungathe kuithira mafuta mwezi wonse, ndipo ikadwala mungathe kuichiritsa osagulitsa munda.

Mukatsata zonsezi, sindikulonjezani galimoto yosawonongeka, chifukwa chitsulo chimatopa. Chimene mudzapeze ndi galimoto imene matenda ake mukuwadziwa, ndipo mwawachotsera pa mtengo musanalipire. Mukaipeza, isungeni bwino. Sinthani oyilo pa nthawi yake, gwiritsani ntchito amene buku lake likunena, musaisenzetse mopyola, ndipo malisiti onse muziika m'envulopu imodzi. Tsiku lina inunso mudzagulitsa, ndipo mwana wa mnzanu adzabwera ndi makaniko wake m'mawa kudzakufunsani mafunso omwewa. Mudzamuyankhe zoona.